Funsani Achimwene: Bandulo, Linki ndi Manambala Obwera pa Meseji

Moni nonse owerenga tsamba lino. Mwezi uno makalata ambiri achokera konkuno kwathu ku Mangochi, ena pa kapepala ena pa meseji, ndipo ochuluka ndi a anthu amene foni ya tachi angoigwira kumene, yotumiziridwa ndi mwana kapena bambo a kunyumba amene ali ku Joni. Chimene chandikhudza nchoti pafupifupi aliyense wayamba ndi mawu oti "pepani funso langa ndi lopepera". Mawu amenewo ndawachotsa m'makalata onse, palibe amene anabadwa akudziwa kuti MB ndi chani, tonsefe tinachita kuuzidwa.

FUNSO: Achimwene, amuna anga ali ku Joni nde anditumizira foni kuti tizionana pa vidiyo. Koma ndikaika mayunitsi mwana wanga amati gulani bandulo, ndikagula bandulo mawa lake amati data yatha. Kodi mayunitsi, bandulo ndi data ndi zinthu zitatu kapena chimodzi? Nanga bwanji ikutha msanga chonchi ine ndisanaimbe olo kamodzi?
Mayi wa ana atatu, Namwera

YANKHO: Amayi, mayunitsi ndi ndalama basi, ndalama imene mwaiika mu layini yanu, kaya ya TNM kaya ya Airtel. Data ndi chimene foni imadya ikamalankhula ndi intaneti, chithunzi chilichonse, mawu aliwonse, kanema aliyense wolowa kapena wotuluka mu foni amayezedwa. Bandulo ndi data imene mwagula pamodzi ngati mtolo, mtengo wake wodziwika ndi masiku ake odziwika, ya tsiku, ya sabata, ya mwezi. Zili ngati makala pa msika wa Namwera pomwepo, mutha kumagula a kajumbo tsiku ndi tsiku, mutha kugula thumba, makala ndi omwewo koma wa thumba ndi amene wapindula. Mukayatsa data mulibe bandulo foni imatha kuyamba kudya mayunitsi omwewo pa mtengo wokwera, nchifukwa chake mwana wanu akulimbikira za bandulo, akunena zoona.

Muyezo wake ndi zilembo zija zimabwera mu meseji mukagula, MB ndi GB. GB imodzi ndi ma MB 1,024, ambiri amangoti 1,000 kuti zisavute, ndipo pansi pa MB pali kamuyezo kena kakang'ono, KB. Meseji yolemba pa WhatsApp imadya tima KB tochepa zedi, mutha kulemberana tsiku lonse bandulo osaoneka kuti yasuntha. Kuimbirana kwa mawu okha pa WhatsApp nakonso sikudya kwambiri, pa mphindi sikufika MB imodzi. Chilombo chenicheni ndi kanema. Kuonana pa vidiyo ndi bambo kuja, ma status a kanema, TikTok, YouTube, mavidiyo a pa Facebook amene amangoyamba okha musanawadine, izi ola limodzi zimatha kumeza ma MB mazanamazana.

Nde mwati yatha musanaimbe. Foni imeneyi imadya ngakhale ili mu chikwama amayi, bola data ili yoyatsa. Ngati anakulowetsani m'magulupu, la ku mpingo kapena ku mzikiti, la banki mkhonde, la achibale, zithunzi zimene anthu akuponya mmenemo foni yanu imangokoka yokha. Muuzeni mwanayo, koma inu mukhale pompo muziona, atsegule WhatsApp, apite pa Settings kenako Storage and data, pamene palembedwa Media auto-download pa mobile data achotsepo zonse. Kuyambira pamenepo chithunzi kapena kanema azilowa pokhapokha inu mwadina. Pa Play Store, pamene timakokapo ma apu, tinthu ta mu foni ngati WhatsApp ndi Facebook, naponso pali poletsa ma apuwo kuti asamadzikonze okha pa data, aike kuti zizichitika pa waifai pokha. Mukamaliza kucheza kokani chala kuchokera pamwamba pa sikirini, muona timivi tiwiri, kena koloza m'mwamba kena pansi, dinani pamenepo data izime. Foni yoimba wamba ndi meseji wamba zizilowabe, musaope.

Onaninso amene amagwira foniyo inu mukapita ku dimba. Mwana akakhala pa katuni masana onse bandulo ya sabata imatha Lachiwiri. Mu Settings ya foni muli malo olembedwa Data usage, amaonetsa apu iliyonse ndi ma MB amene yadya, mukayang'ana pamenepo mudziwa nokha osakangana ndi munthu.

FUNSO: Ankolo, ine ndimaoda usipa pa Makawa kukagulitsa ku Limbe. Pa gombe timatsutsana, wina akuti intaneti ndi Facebook, wina akuti ndi WhatsApp, wina akuti imagwa kuchokera ku satelaiti. Kwenikweni intanetiyo ndi chani ndipo imakhala kuti? Nanga E, H ndi 4G amasinthasintha pamwamba pa foni aja ndi chani?
Wogula nsomba, Makawa

YANKHO: Akulu, mkangano wanuwu ndaukonda, ndipo inu a pa gombe ndinu oyenera kumvetsa msanga kuposa aliyense, chifukwa mu dzina loti intaneti muli mawu a Chingerezi otanthauza ukonde. Taganizani chilimira atachiyala pa mchenga, mfundo zambirimbiri, iliyonse yogwirana ndi inzake ndi ulusi. Mfundozo ndi makompyuta ndi mafoni a dziko lonse lapansi, ulusiwo ndi zingwe ndi mafunde a wailesi amene zinthuzi zimalankhulirana. Ukonde wonsewo ndiye intaneti. Ilibe mwini mmodzi, ndipo palibe nyumba imodzi imene mungaloze kuti imagona umu.

Facebook ndi WhatsApp ndi zongoyenda pamwamba pake, monga mmene Ilala ndi mabwato anu zimayendera pa nyanja. Ilala ikakocheza pa Monkey Bay kuti aikonze sitinena kuti nyanja yauma. Zinaoneka bwino pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinathima zonse kwa maola pafupifupi 6 dziko lonse lapansi, ambiri anaganiza kuti intaneti yafa koma Google ndi imelo zimagwira bwinobwino. Zinathima pamodzi chifukwa zitatuzi nza kampani imodzi imene pano imatchedwa Meta. Komanso intaneti ndi yaikulu msinkhu kuposa zonsezi, inayambira ku America mu 1969 ndi makompyuta anayi okha a m'malo a maphunziro ndi kafukufuku. Masamba amene timatsegula lero, aja oyamba ndi www, anabwera pambuyo, anawayambitsa ndi Tim Berners-Lee wa ku England mu 1989 akugwira ntchito ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi ku Geneva. Facebook ndi mwana wa 2004, WhatsApp wa 2009.

Tsono mukajambula usipa uli pa thandala nkutumizira kasitomala wanu wa ku Limbe, chithunzicho chimayenda bwanji? Chimachoka mu foni kupita pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi nanu, zija zazitali zofiira ndi zoyera. Kuchoka pamenepo chimakalowa mu zingwe za faiba, mkati mwake muli tiulusi ta galasi toonda ngati tsitsi ndipo uthenga umadutsamo ngati kuwala. Popeza dziko lathu silinakhudze nyanja ya mchere, zingwe zathu zimadzera kwa anansi, ku Tanzania ndi ku Mozambique, kukagwirana ndi zingwe zikuluzikulu zogona pansi pa nyanja ya Indian Ocean, monga SEACOM imene inayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy ya 2010, zotulukira pa Dar es Salaam ndi pa Maputo. Chithunzicho chimakafika pa kompyuta yaikulu yosazima usana ndi usiku imene amaitcha seva, nkubwereranso kudzapeza kasitomala pa Limbe pomwepo, zonsezi inu musanabweze foni m'thumba. Ine mpaka lero ndikaganiza zimenezi zimandizizwitsa ndithu.

Mnzanu wa satelaiti uja sanaphonye kwenikweni, Starlink inafika m'Malawi mu 2023 ndipo iyo imagwiritsadi ntchito ma satelaiti ndi kambale koika padenga. Koma ya mu layini yanu imadzera pa nsanja ndi zingwe.

Zilembo za pamwamba zija zikukuuzani msewu umene foni yagwira panthawiyo. E ndi netiweki yakale ya 2G, meseji ipita koma chithunzi muchidikira mpaka nsima ipse. H ndi H+ ndi 3G, yapakatikati. 4G kapena LTE ndi yothamanga, vidiyo imayenda osadukaduka. Zimasintha malinga ndi mmene mwatalikirana ndi nsanja komanso mapiri otchinga, ndipo olo pa 4G pomwepo anthu akachuluka pa nsanja imodzi liwiro limatsika, nchifukwa chake madzulo zimavuta kuposa mbandakucha. Timizere toima tija tikuonetsa mphamvu ya netiweki osati bandulo, titha kudzaza tonse bandulo itatha kalekale.

FUNSO: Ankolo, anzanga ku sukulu amati waifai ndi intaneti yaulere. Nde bwanji ndikayatsa waifai pa foni ya amayi kunyumba palibe chimachitika?
Mtsikana wa Fomu 3, Malindi

YANKHO: Mwana wanga, waifai ndi kanjira kongolumikizira foni ku kabokosi kotchedwa rauta popanda chingwe, ndipo sikafika patali, nyumba imodzi mwina ziwiri basi. Kabokosiko ndi kamene kali ndi intaneti, ndipo pali munthu amene akukalipirira mwezi ndi mwezi, kaya sukulu kaya ofesi kaya loji. Anzakowo akuona ngati yaulere chifukwa wolipira ndi wina. Kwanu kulibe kabokosiko nde foni ikungosaka osapeza. Hotspot ndi chimodzimodzi, kungoti foni ya munthu ndi imene yasanduka rauta, ukalumikiza ukudya bandulo ya mwini foniyo, nde uzipempha kaye ndipo usamaonere mavidiyo pa bandulo ya mnzako. Ukayatsa hotspot pa foni ya amayi uziika pasiwedi, ukapanda kutero aliyense wokhala pafupi alowa.

FUNSO: Asalaam aleykum achimwene. Ine ndinalemba MSCE ndipo pano ndikupalasa kabaza pa boma. Ndaona ntchito ina, akuti tiapulaye pa webusaiti yawo kapena titumize CV pa imelo ngati attachment. Mnzanga wanditumizira linki koma sindikudziwa poyambira, ndipo wa pa kafe akuti ndimupatse pasiwedi yanga andipangire zonse. Ndithandizeni.
Wa kabaza, Mangochi boma

YANKHO: Waleykum salaam mng'ono wanga. Mawu achuluka koma ntchito yake ndi yochepa, iweyo umadziwa kale kupeza nyumba ya munthu ku Mpondasi usiku popanda chikwangwani, izi sizingakukanike.

Webusaiti ndi malo a bungwe kapena munthu pa intaneti, muli masamba olemba za iwo, ntchito zimene zatuluka, mafomu ndi zina. Webusaiti iliyonse ili ndi adilesi yake ndipo palibe ziwiri zofanana. Kuti ukafikeko umafuna browser, ndiyo apu yotsegulira masamba, pa foni yako mwina ndi Chrome kapena Opera Mini. Pamwamba pake pali kamzere kolembamo, ngati adilesi ukuidziwa ilembe mmenemo ndendende, chilembo chimodzi chikalakwika ukafika kwina. Ngati sukuidziwa lemba dzina la bungwelo, Google ikusakira nkukupatsa mndandanda. Ambiri amasokoneza ziwirizi, browser ndi njinga imene wakwera, Google ndi munthu wa pa mphambano amene umamufunsa njira. Linki ndi adilesi yomweyo koma yoti ungodina ikufikitse yokha, nthawi zambiri imaoneka ya buluu.

Apa nde pofunika maso. Usanadine linki, iwerenge. Ma adilesi a kuno kwathu ambiri amakhala ndi .mw, a boma amakhala ndi .gov.mw, a mayunivesite .ac.mw, pomwe .com aliyense pa dziko lapansi atha kugula, wabwino ndi woipa yemwe. Yang'ana dzina limene lili pafupi ndi mathero amenewo ngati lilidi la bungwe ukufunalo, akuba amasintha chilembo chimodzi kapena kuwonjezera mawu ngati free, promo, bonus. Adilesi yoyamba ndi https imatanthauza kuti zimene ukulemba zikuyenda mobisika, munthu wa panjira sangaziwerenge, koma sizikutanthauza kuti mwini tsambalo ndi wachilungamo, naye wakuba amatha kukhala ndi https. Ndipo ndikuuze molimba, ntchito imene ikukufunsa ndalama ya fomu kapena ya intavyu pa Mpamba kapena Airtel Money kupita ku nambala ya munthu, isiye. Ndalama ya kabaza imabwera ndi thukuta la dzuwa la Mangochi, usaipereke kwa munthu wosamuona.

Imelo ndi kalata ya pa intaneti. Adilesi yake imakhala ndi ka @ pakati, kumanzere dzina lako, kumanja kampani yosunga makalatawo, monga gmail.com. Ngati foni yako ndi ya Android ndipo unakokapo apu pa Play Store, imelo uli nayo kale, kungoti mwina anakutsegulira ndi wogulitsa foni kapena mnzako. Tsegula apu ya Gmail uone. Ngati dzina lake ndi la masewera, tsegula ina ya dzina lako lenileni, ndi yaulere, mabwana amaona zimenezo. Attachment ndi chikalata chimene wamangirira pa kalatayo, pamwamba pali kachizindikiro ka kawaya kopanira mapepala, ukadina umasankha CV yako mu foni. CV ikhale ya PDF, mtundu wa chikalata chooneka chimodzimodzi pa foni kapena kompyuta iliyonse, kuti isasokonekere akamaitsegula. Pamene palembedwa Subject lemba dzina la ntchito ukufunayo, usasiye popanda kanthu. Yamba wadzitumizira wekha uone ngati CV yafikadi.

Wa pa kafe akuthandize kulemba CV ndi kusikana masatifiketi, imeneyo ndi ntchito yake ndipo umulipire. Koma pasiwedi ulembe wekha iye atayang'ana kumbali, ndipo ukamaliza udine Sign out, kutseka tsamba pokha sikokwanira, wobwera pambuyo pako apeza makalata ako ali poyera. Pasiwedi isakhale chaka chako chobadwa kapena nambala yako ya foni, phatikiza mawu angapo amene iwe wekha ungakumbuke ndi manambala, ikhale yaitali.

FUNSO: Mwana wanga, ine ndine wamkulu, zaka 67. Dzana ndinalandira meseji ya manambala 6, kenako wina anaimba mwaulemu kuti ndi wa ku ofesi, ndimuwerengere manambalawo kuti layini yanga isatsekedwe. Ndinamuwerengera. Lero WhatsApp yanga siikutsegula ndipo abale akuti ndikuwapempha ndalama ya ku chipatala pomwe ine ndili bwinobwino. Ndatani ine, ndipo nditani?
Bambo wa ku Makanjira

YANKHO: Bambo, kalata yanu nditaiwerenga sindinadikire kuti magazini ituluke, ndinakuyankhani pa foni tsiku lomwelo, koma ndaiika pano chifukwa zimenezi zikuchitikira anthu ambiri ndipo ambiri amabisa chifukwa cha manyazi. Azakhali anga zinawachitikira chimodzimodzi, iwo wowaimbira anati ndi wa m'gulupu la mapemphero ndipo manambalawo ndi olowera pa msonkhano. Anakhala masiku atatu osauza munthu, akuganiza kuti tiwaseka, ndipo m'masiku atatuwo msuweni wanga anali atatumiza kale ndalama ya fetereza poganiza kuti akuthandiza mayi ake. Chimandipweteka mpaka lero ndi masiku atatu amenewo. Inu mwachita bwino kunena msanga, ndipo simunalakwe kukhulupirira munthu waulemu, wolakwa ndi wakubayo.

Chinachitika ndi ichi. WhatsApp yanu ndi akaunti, ndiye kuti malo anu olembetsedwa pa nambala yanu ya foni. Munthu akafuna kutsegula akauntiyo pa foni ina, WhatsApp imatumiza manambala 6 pa meseji ku layini ya mwini wake kuti itsimikize kuti ndi iyedi. Manambala amenewo amawatcha kodi, ena amati OTP, ndi kiyi wa nyumba. Wakubayo analemba nambala yanu pa foni yake, kiyi inabwera kwa inu monga mwini, nde anaimba kuti mumupatse. Atangoilandira nyumba inatseguka kwa iye nkutsekeka kwa inu, ndipo magulupu onse amene munalimo anawaona, nchifukwa chake akudziwa oti awapemphe.

Choyamba imbirani abale pa foni wamba, ana, adzukulu, a ku mzikiti kapena ku mpingo, amene ali ku Joni omwe, muwauze asatumize kalikonse ndipo alengeze m'magulupu. Chachiwiri, layini ikadali m'manja mwanu, nde mphamvu ikadali kwa inu. Tsegulani WhatsApp, lembaninso nambala yanu, kodi yatsopano ibwera pa meseji, muilembe nokha mu foni mwanu, ikangolowa wakubayo amatulutsidwa kumene aliko. Ikakufunsani PIN imene inu simunaikepo ndiye kuti iye anaika yake, musataye mtima, pakatha masiku 7 mutha kulowa popanda PIN imeneyo, ndipo panthawi yodikirayo iye amakhala atatulutsidwa kale. Mukalowa pitani pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanu ya manambala 6 imene mukuidziwa inu nokha. Chimenechi aliyense wowerenga tsamba lino achite lero lomwe, sichitenga mphindi ziwiri ndipo nchaulere. Ngati pali m'bale amene watumiza kale ndalama, asunge meseji yotsimikiza ija, akanene ku kampani ya foni ndi ku polisi mwachangu. Ma layini m'dziko muno amalembetsedwa ndi chitupa kuyambira 2018, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo lokhudza milandu ya pa intaneti, nde musaganize kuti ndi nkhani yoti polisi sangaimve.

Anthu omwewa ali ndi njira zina. Ina ndi meseji yooneka ngati mwalandira ndalama, kenako foni yolira kuti ndatumiza molakwika bwezani chonde mwana ali m'chipatala. Musabweze musanaone balansi yanu nokha, ndipo yang'anani kumene mesejiyo yachokera, yoona imabwera ndi dzina la kampani osati nambala ya munthu. Ina ndi linki yoti mwawina, kapena boma likugawa ndalama dinani apa nkutumizira anthu 10. Wa ku kampani weniweni, wa ku banki weniweni, ejenti weniweni safunsa PIN kapena kodi yanu, pa foni olo pamaso. Pa ejenti PIN muzilemba nokha, ngati maso akuvuta tengani mdzukulu amene mumamukhulupirira. Wina akamakufulumizitsani kuti pompano pompano layini itsekedwa, dulani foniyo mufunse kaye mwana wanu.

FUNSO: Achimwene, foni yanga inagwera m'nyanja tikuchokera ku Chembe pa boti, anaivuula koma siikuyaka. Mmenemo munali zithunzi za malemu mayi anga, ndilibenso zina. Wina akuti mwina zili mu cloud. Mitambo yake iti, ndipo ndingazipeze?
Mlongo wanu, Monkey Bay

YANKHO: Pepani achemwali, pepani kwambiri. Cloud si mitambo ya kumwambayi, ndi dzina chabe la makompyuta akuluakulu a makampani monga Google, aja ma seva ndanena pamwambapa, kumene munthu amasungitsa zinthu zake. Kutumiza chinthu kuchoka mu foni kupita kumeneko amati upload, kuchikoka kuchoka kumeneko kubwera mu foni ndiye download, kusungitsa kope lina kuopa tsiku ngati limeneli amati backup. Zithunzi zimakhala mu cloud pokhapokha ngati backup inali yoyatsa pa foniyo, nde sindikulonjezani, koma njira zoyesa zilipo ndipo ambiri amazipeza.

Yambani ndi memori khadi, ngati foniyo inali nayo. Itulutseni, iume bwinobwino pa mthunzi, muiike mu foni ina, timakhadi timeneti nthawi zambiri timapirira madzi kuposa foni. Foniyo musaiike pa tchaja, pitani nayo kwa okonza mafoni ndipo muwauze kuti chimene mukufuna ndi zithunzi, asaipange fulashi kapena kuifomata, akatero zonse zafufutika. Kenako bwerekani foni ya m'bale, mutsegule Google Photos pa browser, mulowe ndi imelo ya Gmail imene inali pa foni yakufayo. Google imapatsa akaunti iliyonse malo a GB 15 aulere ndipo anthu ena backup anaiyatsa osadziwa pamene amatsegula foni ili yatsopano. Ngati pasiwedi mwaiwala dinani Forgot password, ngati munalembetsa nambala yanu kodi ibwera pa layini yomweyo, nde layiniyo muisamale, ikakhala kuti nayo yafa kaipangitseni ina ya nambala yomweyo ndi chitupa chanu.

Zikakanika zonsezi kumbukirani amene munawatumizirapo. Chithunzi chimene munaika pa Facebook chikadali pomwepo, sichinamire ndi foni. Chimene munatumizira mchimwene wanu pa WhatsApp, kapena m'gulupu la banja nthawi ya maliro, chili mu foni zawo, afunseni mmodzi mmodzi afufuze mu Gallery. Mukapeza olo chimodzi, dzitumizireni pa imelo yanu komanso pitani nacho pa situdiyo akakutsukireni cha pepala choti mupachike m'nyumba. Mundilembere mundiuze mmene zathera, ndikhala ndikudikira.